Chipinda Chopanda Nyerere

9 Januwale

Achemwali a Dothi,

Moni wochokera ku galaja. Ife kuno tilipo, kaya inu kumeneko kwa chipale chofewa, kumene amalipira munthu wamkulu ndi madigiri ake kuti aziyang'ana matope pagalasi. Aneba akandifunsa kuti mlongo wako ndi dokotala wa chiyani, ndimangoti wa ana, kuti nkhani ithe msanga.

Nkhani yabwino ndi iyi: mlamu wanu ndi woyembekezera. Mukhala azakhali, muyambe kuyeserera nkhope yaulemu.

Amayi, kapena nditi Matroni, poti ngakhale anapuma ntchito kuchipatala ife sanatitulutse muwodi, analamula kuti mdzukulu wawo sangafikire m'chipinda chathu chija choyang'ana kumsewu, muli fumbi. Anayendera puloti yonse manja kumbuyo, n'kusankha kuseri kwa galaja, paja malemu Bambo anali ndi dzenje lotayiramo thina wotsukira mfuti za penti. Akuti pamenepo ndiye paukhondo kuposa pena paliponse: sipamera udzu, sipadutsa nyerere, chiswe chimachita kulambalala. Tinakwirira, tinathira simenti, ndipo chipinda tinalowamo mvula isanayambe. Makatani anasoka okha. N'zoonadi achemwali, ngakhale udzudzu sulowamo.

Mlamu wanu akudandaula mutu ndi chizungulire, ndipo wayamba kutuluka kamfuno. Akuti dzuwa likatentha m'chipindamo mumamveka kafungo kotsekemera ngati ka guluu. Ine sindimva kanthu, paja mphuno zanga zinafa kalekale ndi penti. Matroni akuti mimba yoyamba imatero, fungolo ndi la ukhondo, ndipo akazi a masiku ano ndi a pepala.

Titumizireni tizovala ta mwana, ndi chithunzi chanu tione ngati dothi limanenepetsa. Lamya ya ku positi inafanso, muzingolemba.

Ndine mlongo wanu,
Wopenta


24 Januwale

Chimwene,

Moni ndidzakupatsa m'kalata ina. Iyi uiwerenge uli chiimire.

Mutulutse mlamu m'chipindamo lero. Osati ukamaliza galimoto ya kasitomala, lero. Apite kwa achemwali ake, ndipo ku sikelo akapemphe kuti amuyeze magazi, awauze kuti wakhala akupuma thina. Kalata yako ndaiwerengera mu labotale, ndipo ndasiya zonse kuti ndikuyankhe. Akuluakulu amati tsoka silinunkha. Lathuli likununkha, kungoti likununkha bwino.

Nyerere si zopusa, iwe. Pamalo pamene chiswe chikulambalala, munthu sayalapo mphasa. Thina safa ukamukwirira. Amasanduka mpweya, n'kumakwera m'timing'alu ta simenti, makamaka kukatentha. Muli toluwini ndi zayilini, amenewo ndiwo akumupweteka mutu. Koma amene akundisowetsa mtendere ndi mkulu wawo benzini, amene sankasowa mu thina wotchipa uja Bambo ankagula m'migolo yopanda dzina. Ameneyo amalowa m'mafupa, m'mene mumapangidwa magazi.

Swa simentiyo. Kumba dothi lonse lonunkha mpaka fungo lithe, ndipo ubwereke mphuno ya munthu wina, osati yako, osatinso ya mlamu. Chigoba chotchinga mphuno chija chimakongoletsa msomali ku galaja uchivale. Fodya ayi, moto ayi. Dothilo ukaliunjike kumapeto kwa puloti pa pulasitiki yochindikala, ulisakanize ndi utuchi, manyowa a nkhuku ndi dothi labwino la m'dimba. Lizikhala lonyowa ngati siponji yofinya, ndipo uzilitembenuza pafupipafupi kuti lizipuma.

M'dothi muli mabakiteriya amene amadya thina. Inde, omwe aja umandiseka nawo. Za iwowa Amayi usawauze ndiwe, pakamwa pako pali ngati kompuresa yako yopopera penti, pamangophulika. Ndiwalembera ndekha ndikapeza mawu. Munthu amene wapha tizilombo moyo wake wonse sungangodzuka n'kumuuza kuti tiyeni tiziwete.

Thamanga.

Mlongo wako


10 Febuluwale

Amayi okondedwa,

Ndikhulupirira muli bwino, ndi mawondo omwe. Kalata iyi ndakhala ndikuiyamba ndi kuing'amba, n'chifukwa chake yachedwa. Pofika pano mwaona mulu wa dothi kumapeto kwa puloti, ndipo nkhope imene mwaupatsa ndikuiona ndili kuno.

Za chipinda chija sindikukuimbani mlandu. Munafunira mwana malo oyera, koma pansi pake panali zimene maso saona.

Mukukumbukira mphete yachitsulo ija munkamangirirapo makiyi a wodi, imene inkakuthyolani zikhadabo? Poizoni wa mu thina ndi wopangidwa chomwecho: timaatomu ta kaboni tisanu ndi kamodzi togwirana mozungulira, popanda poyambira kumasula. N'chifukwa chake waperekeza maliro a Bambo iye akadali wamphamvu. Koma m'dothi muli mabakiteriya ena amene ali ndi zida zotsegulira mphete imeneyi. Amatenga okosijeni wa mumpweya n'kumubaya pambali pa mpheteyo malo awiri oyandikana, mphete ija n'kufooka, ndiye amaidula. Ikaduka yasanduka kachingwe wamba, amakadya ngati shuga. Chotsala ndi madzi ndi mpweya womwe uja timatulutsa tikamapuma. Pansi pa simenti analibe mpweya, ndiye ntchito yawo inkayenda ngati mzere wa ku famase Lolemba m'mawa. Pamulu paja tawapatsa mpweya, madzi, ndi manyowa oti akhale ndiwo.

Si aja munkalimbana nawo muwodi, Amayi. Awa ndi antchito athu. Muluwo ukafunda, ukachita chuku choyera pamwamba, ndiye kuti ali pantchito. Pempho langa ndi limodzi, ndipo ndikupempha nditagwada: musathirepo kanthu. Sopo ayi, madzi owira ayi, kulorini makamaka ayi. Mukawapha, poizoni atsala yekha pabwalo pathu, ndipo palibenso wina womudya.

Ndine mwana wanu,
uja mumati anasiya unamwino n'kukasewera ndi matope


13 Febuluwale

Kwa mwana wanga wa madigiri,

Ndili bwino. Mawondo ndi omwe aja. Popeza makalata ako masiku ano amadziwa njira ya ku galaja yokha, ndati ndikulembere ndine, mwina unaiwala amene anakubereka.

Mpongozi wanga anachoka pano ngati wakuba, osanditsanzika bwinobwino. Kutchalitchi akuti ndamuthamangitsa ndine. Chipinda chimene ndinasokera makatani ndi maso anga okalambawa, mlongo wako wachiswa ndi piki. Akuti mwalamula ndinu a kunja. Za fungo la thina ndamva, ndipo sinditsutsa kuti dothilo lichoke. Koma lichoke kupita kuti? Iye waliunjika kumapeto kwa puloti, n'kuthiramo zitosi za nkhuku, n'kumalithirira ngati maluwa.

Ndinamufunsa kuti, "Iwe, ichi n'chiyani?"

Akuti, "Ndi ziweto za achemwali, Amayi. Mu supuni imodzi muli tizilombo tochuluka kuposa anthu a mumzinda muno, ndipo tikuswana usana ndi usiku."

Amanena izi mano onse ali panja, ngati wapeza ntchito m'boma. Ndinapisa dzanja m'mulumo. Kufunda, ngati mphumi ya mwana wa malungo. Pamwamba chuku chili mbuu.

Tamvera, mwana wanga. Tizilombo iwe umationera pagalasi. Ine ndinafunditsa nsalu makanda amene anafa ndi kafumbata chifukwa kadothi kanakhudza mchombo. Ndikudziwa mmene kamwana kamaumira nsagwada, mayi ake akukakamiza bere pakamwa posatseguka. Ndiye pabwalo pamene pakubwera mchombo wauwisi, wina aziweta tizilombo mwadala, ine ndili moyo?

Mlongo wako atapita kukapereka galimoto kwa mwini wake, ndinasungunula kulorini wa ufa, muyezo uja tinkathira m'misasa ya kolera, osati wa masewera. Ndowa pa ndowa, mpaka mulu wonse unamwa. Mawa lake ndinabwerezanso. Lero ndapisamo dzanja, kuli zii. Chuku chatha, ntchentche palibe. Iye sanazindikire, paja mphuno alibe.

Usandithokoze, ndi ntchito yanga. Ungomuuza akatenge mkazi wake, pabwalo payera.

Amayi ako


2 Malichi

Achemwali,

Moni, koma nthabwala lero ndilibe. Za pakamwa panga musanene, ndikudziwa.

Kalata yanu ya Amayi inafika ntchito atagwira kale. Anaiwerengera pakhonde. Atamaliza anayambiranso. Kenako anavula magalasi n'kundiitana, osati ndi mawu aja a muwodi, koma ena amene sindinawamvepo. Anati, "Tenga fosholo, ukaone chimene ndachita." Mulu uja wazizira ngati mwala. Mnzanga wowotcherera zitsulo, amene ndimabwereka mphuno yake, akuti tsopano ukununkha thina ndi chipatala pamodzi, ndipo mphepo ikatembenuka fungolo limafika kukhitchini.

Sabata yomweyo zotsatira za magazi a mlamu wanu zinatuluka. Ine pepala lija ndinangoona manambala, ndiye ndinawapatsa Amayi. Achemwali, Matroni analiwerenga mpaka pansi n'kulipinda. Akuti asilikali a m'magazi achepa, komanso tinthu tija timaumitsa magazi pabala. Dokotala akuti mwina zibwerera poti wachoka pafungopo, mwina ayi, aziyezedwa mwezi ndi mwezi. Ndinafunsa Amayi kuti zikapanda kubwerera zitanthauza chiyani. Anangoti, "Pobereka mkazi amataya magazi," n'kulowa kuchipinda.

Ndikapopera galimoto maganizo amakhala kwina, penti n'kumayenderera. Ndimangowerenga m'mutu masana onse amene iye ankagona m'menemo mawindo ali otseka kuopa fumbi, ine ndikunyadira kuti ndamangira mkazi wanga chipinda chopanda udzudzu.

Koma chimene chandiopsa kwambiri ndi ichi. Dzulo ndinapeza mbale zosatsuka m'sinki, Amayi atakhala pampando, manja pamiyendo, akungoziyang'ana. Chibadwire changa sindinaonepo mbale yakuda ikuwatha mphamvu mayi amenewa.

Kodi ziweto zanu zija zafa zonse? Mwanayu adzafikira kuti? Tiuzeni chochita.

Wopenta


17 Malichi

Amayi ndi Chimwene,

Moni nonse. Ndalemba kalata imodzi kuti muiwerengere pamodzi, makalata awiri atipweteka kale.

Ambiri afa, koma si mapeto. Kulorini sakhalitsa. Mwazani muluwo ukhale wopyapyala, uombedwe ndi dzuwa, muuthirire madzi, mpaka fungo la chipatala lichoke. Sindikubisirani, kulorini akakumana ndi thina nthawi zina amabereka zinthu zouma mutu kuposa makolo ake. N'chifukwa chake pamapeto dothilo lidzayenera kukayezedwa ku labotale ya ku yunivesite, ndipo ndalembera kale mnzanga wa kumeneko. Mwana asadzalowe pageti pepala lawo lisanabwere.

Tsopano pakufunika mbewu yatsopano. Mukafune malo amene mafuta akhala akutayikira kwa zaka zambiri, koma udzu unameranso. M'mphepete mwa ngalande ya kuseri kwa depoti ya mabasi mungapeze. Dothi la pansi pa udzu umenewo muli akatswiri, anaphunzira kudya zimenezi pa njala, alibe digiri koma sasiya m'mbale. Mukatenge ndowa zingapo, musakanize ndi utuchi ndi manyowa atsopano, muunjikenso.

Amayi, wodi imeneyi ikufuna matroni. Wopenta amaiwala ngakhale kutseka chitini cha penti. Pakufunika munthu woti aziuyeza kutentha m'mawa uliwonse, aziona ngati wauma, azilamula tsiku lotembenuza. Ukafunda ndiye kuti uli moyo. Sindikudziwa wina amene angathe.

Za magazi, ine si dokotala wa ana, ngakhale aneba anauzidwa choncho. Mafupa nthawi zambiri amadzukanso poizoni akachoka, koma sindilumbira. Konzekeranitu anthu opereka magazi tsiku lisanafike. Nanenso ndili ndi mantha, ndipo kuno ndilibe woti ndimuuze m'chinenero chathu.

Mwana wanu, mlongo wako


20 Epulo

Alamu,

Moni wa kwa ine ndi wa mwini mimbayu, amene wayamba kumenya ngati akufuna kubweza lendi. Zovala zija zinafika, zikomo, ngakhale chipewa chija chikukwana bambo ake.

Ndikukhala kwa achemwali anga, m'nyumba zosanja zija za pafupi ndi njanji. Ndimagona ndi ana awo, phazi la wina pakhosi panga, koma mutu unasiya kuwawa. Chimene sichinasiye ndi mantha. Ndikadzuka ndimayamba kuyang'ana pilo ngati pali magazi. Ndikamatsuka mano ndimayang'ana thovu. Mwana akakhala chete pang'ono ndimamwa madzi ozizira kuti adzuke, akamenya ndiye ndimamupepesa. Ku sikelo akuti manambala akwera pang'ono, koma anamwino akamanena sandiyang'ana m'maso, kapena ndine ndikuganiza choncho.

Ndikuuzeni zimene ndinaona. Ndikuchokera ku sikelo, minibasi inaima kuseri kwa depoti. Ndikuyang'ana pawindo, ndikuona mayi wina ali m'ngalande, nsapato zoyera, magolovesi mpaka m'zigongono, akukumba pansi pa udzu ndi kafosholo. Apongozi anga! Amene amatsuka sopo asanasambe naye m'manja! Makondakitala atazungulira, wina akukuwa, "Agogo, mwataya chiyani m'menemo?"

Iwo osadzutsa mutu, "Ndikulemba aganyu. Suntha, ukunditchingira dzuwa."

Ndinabisa nkhope m'chikwama, kuseka ndi kulira nthawi imodzi.

Madzulo ake anabwera kuno. Anakana kulowa, akuti achokera kudothi. Anaima pakhomo n'kunena kuti, "Tsitsa chikope." Ndinatsitsa. "Onetsa nkhama." Ndinaonetsa. Anayang'ana nthawi yaitali, ndiye anati, "Si iwe wa pepala." Atatsika masitepe angapo anatembenuka n'kuti, "Makatani aja ndachapa. Ngati suwafuna, ndimva." Alamu, inu mukuwadziwa amayi anu. Ndikuganiza kuti kumeneko kunali kugwada.

Tsopano ndifunse chimene ndikulephera kufunsa amuna anga, poti akangomva amayamba kutuluka thukuta. Zimene ndinkapuma ine, mwanayu nayenso ankapuma? Musandinyengerere. Ndiuzeni monga mmene mumauzira anzanu a ku labotale.

Mlamu wanu


30 Juni

Mwana wanga,

Ndili bwino. Mawondo aipiraipira chifukwa cha fosholo, koma sindikudandaula. Landira lipoti.

Ndi wamkazi. Wabadwa wochepa thupi, koma zala ndawerenga ndekha, m'manja ndi kumapazi, zonse zilipo, ndipo mawu watengera kwa ine. Yankho lako kwa mlamu wako anandionetsa, lija unati inde, zina zinamufika mwana, koma kuchuluka kwake palibe angadziwe. Unachita bwino kusanama. Analira tsiku limodzi, kenako anayamba kudya.

Pobereka anataya magazi, monga ndinkaopera. Ndinali panja pa chitseko, ine amene ndinkatulutsa anthu pa chitseko chomwecho, ndikumva mawilo a ndowa akudutsa mothamanga. Phokoso limenelo ndimalidziwa. Ndinagwira khoma. Koma magazi anali okonzeka, poti wowotcherera zitsulo uja ndi anzake anapereka. Mlongo wako anakomoka asanamubaye n'komwe. Mayiyo tsopano akuyenda, manambala ake akukwera. Mwana adzamuyezanso akakulako, dokotala sakulonjeza kanthu, ndipo ine sindimukakamiza. Linda madzi apite ndiye uziti ndadala.

Za wodi yanga. Aganyu a ku depoti anagwira ntchito. Choyezera kutentha chija ndinachokera nacho kuchipatala chinakwera sabata yachiwiri. Moyo wanga wonse chikakwera ndinkathamanga, ulendo uno ndinakhala pa wilibala n'kuthokoza Mulungu. Tsopano chikutsika pang'onopang'ono, monga unanenera kuti chidzatero chakudya chikamatha. Fungo la guluu kulibe. Ukafukula mumamveka fungo la mvula yoyamba. Dothi tatumiza kwa mnzako uja m'mabotolo otseka bwino, la pamulu ndi la pansi pa dzenje. Dzenjelo tadzaza ndi dothi latsopano, ndipo chipindacho ndalamula kuti chikhale cha matayala, zitseko zosatseka.

Funso limodzi undiyankhe mosazungulira. Akamaliza thina wa bambo ako, aganyu amenewa adzadya chiyani? Mlongo wako akuti adzangofa ndi njala n'kusanduka dothi. Iyeyo sindimukhulupirira, ndipo ngati n'zoona sindikudziwa ngati ndikondwe.

Mwana akadali kwa amayi ake aakulu a ku njanji. Ndimapita kukamuona pa minibasi, nditasamba mpaka m'zigongono, zovala za kumulu nditazisiya pachingwe. Ndikamunyamula ndimamuyang'ana nkhama, ngakhale mayi ake amandiseka kuti mano sanamere.

Dzulo m'mawa ndikusesa kuseri kwa galaja, ndinapeza mzere wa nyerere ukulowa pakhomo la chipinda chija, ina itasenza kanyenyeswa ngati ikusamukira. Ndinaima, tsache lili m'mwamba. Mlongo wako anabwera, n'kuyamba kudumpha ngati mwana.

"Amayi, zabwerera! Tikamutenge mwana lero lomwe!"

Ndinamuuza kuti nyerere ndinaziwerengapo molakwa kamodzi, ndipo wina anatsala pang'ono kulipira ndi moyo. Tidikira pepala.

Koma tsache ndinalitsitsa, n'kukweza phazi kuti zidutse.

Amayi ako